Chimanga cha apongozi ndi makina a ku sho

Iwe Tereza, iwe Lazaro, ndi ang'ono anu nonse: mwakhala mukundifunsa chifukwa chake anzanga amene ndinayamba nawo ntchito anapuma ali m'nyumba za mpopi ku Kapata, pamene ine ndinakulererani kutchire ku Chipangali n'kudzakalambira muno mu Nabvutika. Nthawi zonse ndimakuyankhani kuti ndi mmene Mulungu anakonzera. Limenelo ndi yankho la munthu wotopa, ndipo Mulungu ndakhala ndikumusenzetsa katundu amene si wake yekha. Popeza maso akadaonako pang'ono, ndati ndilembe, mudzawerenge nokha. Za ubwana wanga ndilumpha, munalibe china koma mbuzi ndi zipere.

Zaka ziwiri ufulu usanafike

Ntchito yanga yoyamba, imenenso inali yomaliza, ndinailowa pa kampani ina yogulitsa ndi kubwereketsa mathirakitala, tauni ino ikadatchedwa Fort Jameson. Dzina la kampaniyo sinditchula, inafa kale ndipo wakufa sazengedwa mlandu. Ndinayamba ngati wotsuka zitsulo ndi kupaka girizi. Bwana wake anali mzungu amene tinkamutcha Kaliwo, chifukwa kaliwo sankachoka pakamwa pake ngakhale akutukwana. Kutukwana ankatha, koma kuphunzitsa ankathanso. Ataona kuti sinditaya masipanala anandikweza pa thirakitala, n'kuzika nsungwi kutsidya kwa munda, n'kundiuza kuti ndiziyang'ana nsungwiyo basi, osacheuka. Mzere ukakhota ankanditsitsa n'kundiyendetsa wapansi mpaka kumapeto kwake kuti ndikaone manyazi anga ndi maso. Umo ndi mmene ndinakhalira munthu wa mizere yowongoka, ndipo luso limeneli ndi limene linadzandilowetsa m'nkhani ndikufuna kukuuzaniyi.

Nthawi imeneyo n'kuti nditakwatira kale amayi anu, Veronika, ndipo tinkakhala chikamwini kwa amayi awo, aNambewe, pamudzi wina kunja kwa tauni, kufupi ndi bwalo la chionetsero cha zaulimi, kumene aliyense ankangoti ku sho. Apongozi angawo amuna awo anali atamwalira, ndipo pakhomo panali kagulu ka ana, awo ndi amasiye a mng'ono wawo, onse akudalira munda umodzi. Inu a masiku ano mumakhala pa sofa imodzi ndi apongozi anu n'kumalimbirana wailesi, ndiye apa mumvetsetse bwino. Ine ndi aNambewe tinkaopana. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira uku, ine uko, n'kunjuta, kuomba m'manja maso ali pansi. Sitinkadyera pamodzi, sitinkapatsana chinthu pamanja, sitinkalankhulana mwachindunji. Akakhala ndi mawu ankakhala pansi chofulatira n'kuuza mwana wawo, mwana wawo n'kundiuza ine, ngakhale kuti mawuwo ndawamva kale ndi makutu angawa. Sichinali chidani ayi, unali ulemu. Zaka zonse ndinkawadziwa msana, mpango wakuda ndi mawu, koma nkhope yawo ndinali ndisanaiyang'anepo pafupi.

Chaka cha ufulu

Ufulu utabwera tinavina ngati anzathu, mawa lake n'kubwerera ku girizi yemweyo. Kaliwo anakhalako miyezi ingapo, kenaka anamanga katundu ulendo wa kumwera. M'malo mwake munalowa a Mwanza, mwana wa aphunzitsi a ku mishoni, wamng'ono kwa ine pa zaka, munthu wa tayi ndi cholembera pathumba. Ena pa depoti, pamene tinkasungira mathirakitala, ankawajeda kuti sadziwa kusiyanitsa dizilo ndi palafini. Ine sindiwajeda, ngakhale lero. Anawapatsa mpando wa mzungu, koma galimoto ya mzungu ndi mawu a mzungu ku hedi ofesi ku Lusaka sanawapatse. Akaimba lamya kupempha tcheni kapena tayala ankauzidwa kuti adikire, akatembenuka n'kupeza ife taima pakhomo kudikira iwo. Anali ndi chizolowezi chodzisisita pachipumi asananene nkhani yoipa, moti tinkadziwa yankho asanatsegule pakamwa.

A Mwanza omwewo ndi amene anandiitana mu ofesi tsiku lina n'kunena kuti, "A Sakala, kampani ikufuna makapitawo akuda tsopano. Kuli kosi ya maphunziro a ukapitawo ku Lusaka. Wochokera kumeneko amapatsidwa nyumba ya kampani ku Kapata, ya malata, mpopi pakhomo. Dzina lanu ndaliika patsogolo, koma muyambe mwaonetsa ntchito akuluakulu akuona." Nditafika kumudzi ndinauza amayi anu. Anaseka n'kunena kuti mpopiwo adzayamba kuutsegula ndi iwo, ndipo adzausiya uzingotuluka kuti aone ngati madzi ake amatha. Mkamwini aliyense amalota khomo lakelake. Ine maloto anga sanali aakulu: ndinkangofuna kutuluka m'nyumba m'mawa, kudziwongola n'kuyasamula, osayamba ndasuzumira ngati apongozi akusesa pabwalo.

Dzinja la chaka chotsatira

Mvula ya chaka chimenecho inabwera pamodzi ndi mavuto a mafuta. Njira ya kumwera imene mafuta ankadzera inatsekeka chifukwa cha mikangano ya ku Rodeshiya, ndipo dizilo anayamba kuperekedwa moyeza ngati mankhwala. Mathirakitala ena tinawakweza pa njerwa n'kumawachotsa zitsulo kuti anzawo ayende. Tsiku lonse linkatha tikuvula thirakitala yakufa kuti tiveke yodwala. M'kati mwa zimenezo hedi ofesi inalamula kuti pa sho yotsatira tikaonetse zida ziwiri zatsopano. Choyamba chinali khasu la mano opyapyala limene siligalauza munda wonse: limangong'amba kanjira pamene padzagwe mbewu, pakati pa mizere n'kusiya mapesi ali chigonere. Ankati limapulumutsa dizilo ndiponso limasunga chinyontho. Khasu limeneli linafika msanga. Chachiwiri chinali makina okokedwa ndi thirakitala, othyola chimanga chili chiimire, kusenda makoko n'kuchiponya m'ngolo. Amenewa tinangowaona pa chithunzi, ankati ali m'njira.

Kuti zonsezi zioneke pankafunika munda wogundana ndi bwalo la sho, wosalala, wopanda mitumbira, wobzalidwa mizere yowongoka, ndipo chimanga chake chisakhudzidwe mpaka tsiku la sho. Munda wotero unalipo umodzi wokha, wa apongozi anga, ndipo pakamwa pamene panautchula mu ofesi ndi panga pano. Nkhani inadzera kwa malume a amayi anu monga eni mbumba. Kampani ilima, ipereka mbewu yamakono ndi feteleza, chimanga chonse n'cha aNambewe, koma asathyole ngakhale chimodzi mpaka makina atadutsa. Sho inkachitika chisanu chikangoyamba, anthu akumaliza kukolola, ndiye kudikirako kunkaoneka kwa masabata ochepa chabe. Apongozi anamvetsera zonse ali chofulatira pansi pa mtengo wa mango. Kenaka anati, "Veronika, uwafunse abambo a Tereza ngati makinawo akudziwa mwezi umene chimanga chimauma." Amayi anu anabwereza. Ine ndinayankha monyadira kuti makinawo ndi a ku Ulaya, sachedwa. Apongozi anati, "Ngati anena ndi akamwini, ndavomera. Dzanja langa silikhudza."

Ndinalima ndi kubzala ndekha, maso ali pa nsungwi monga anandiphunzitsira Kaliwo. Mvula inagwa bwino, ndipo chimangacho chinabereka moti anthu opita ku Misa Lamulungu ankaima panjira n'kumachiloza. Apongozi anasunga mawu awo mopitirira muyeso. Ngakhale nthawi ya mondokwa, pamene fungo la chimanga chowotcha linali ponseponse pamudzi, ana a pakhomo pathu ankangomeza malovu. Mmodzi atathyola chimodzi mobisa anakwapulidwa, ndipo ine ndinamva kulira kwake ndili m'nyumba, ndikupukuta nsapato za ku ntchito.

Masika ndi chisanu chotsatira

Chimanga chinauma nthawi yake. Anthu anadula chawo, anaimika mikukwe, anasenda, anatuta. Apongozi anaitana munthu woluka nkhokwe yatsopano, yaikulu kuposa zonse pamudzi, ndipo inaima pakhomo ili pululu. Ine masiku amenewo ndinkaswera ku bwalo la sho. Thirakitala ndinaipaka utoto, miyala ndinaipaka laimu, ndinakhoma zikhomo za chingwe cha poimirira anthu, ndipo khasu la tinjira lija ndinaliyesa pakangodya kena mpaka mano ake ndinawadziwa ngati anga. Dizilo wa tsikulo anali mu diramu imodzi yokhomedwa loko, kiyi ali m'thumba la a Mwanza, ndiye poyeserera ndinkayenda pang'ono n'kuzimitsa, kotsalako n'kumalizira m'mutu. Alimi odutsa ankatsika panjinga n'kumandiseka. "A Sakala, ulimi wa alesiwu mwautola kuti? Munda wosasosa, wosatentha, ngati mwini wake wagonekedwa m'chipatala!" Ndinkangoseka nawo, mphamvu yotsutsana ndinalibe.

Kenaka a Mwanza anabwera akudzisisita pachipumi. Lole yonyamula makina yaima panjira, yasowa mafuta, ndipo a komiti asuntha tsiku la sho. Tinadikira. Anabweranso, dzanja lili pachipumi pomwepo: mlendo wolemekezeka wodzatsegula sho ali ndi ulendo wina, tsiku lasunthidwanso. Juni anatha, Julayi analowa ndi mphepo yake.

Lamulo la ziweto kwathu kuno mukulidziwa. Dzinja lonse ng'ombe ndi mbuzi zimayenda ndi abusa, koma anthu akamaliza kututa zimamasulidwa kuti zidye mapesi paliponse, ndipo amene wachedwa kukolola alibe mlandu ndi mwini ng'ombe. Nthawi yomweyonso osaka mbewa amatentha tchire kuti aone mauna, ndipo moto wa mbewa sufunsa malire a munda. Munda wa apongozi unatsala wokha pakati pa minda yoyera, ngati mbale ya ndiwo pakati pa anthu anjala. Ndinalambula kuzungulira ndi khasu lamanja, ndinaika mpanda wa minga, koma ng'ombe ikanunkhiza chimanga minga imaiyesa udzu. Banja lonse linasanduka alonda. Kungocha ana ali kumunda ndi ndodo, sukulu ikuwadutsa, ndipo utsi ukafuka kulikonse tonse tinkathamanga ndi masamba aawisi m'manja. Eni ng'ombe anayamba kung'ung'udza kuti mkamwini wa aNambewe wabweretsa malamulo a ku depoti pamudzi wa eni.

Tsiku lina masana ndinapatukira kumunda kukaona mpanda. Ndinapeza apongozi ali pakati pa mizere ndi mtolo wa luzi. Chiswe chinali chitadya mapesi kunsi, mphepo n'kumawagwetsa. Iwo ankadzutsa phesi lililonse logwa n'kulimangirira ku linzake, kuti makina adzalipeze lili chiimire. Chimanga chimene chinathothoka chokha ankachiunjika kumapeto kwa mzere, osatengera kunyumba, popeza analonjeza. Atandiona anakhala pansi chofulatira. Amayi anu anali pomwepo, iwe Lazaro uli kumsana.

"Veronika," anatero apongozi, "uwauze abambo a Tereza kuti ine sindikudandaula. Ndangoti ndifunse kuti ndidziwe. Chimene chili chiimire n'cha makina, ndinamva. Nanga chimene chagwa pansi n'cha yani, changa kapena cha chiswe?"

Amayi anu sanabwereze mawuwo monga mwa mwambo. Anandiyang'ana n'kunena awoawo. "Abambo a Tereza, ufa mukudya masiku anowu mukuyesa ukuchokera kuti? Chimanga chakale chinatha mwezi wathawu. Amama amalawira kukatonolera anthu chimanga kuti awapatseko kambale. Mwini munda uwu, kumatonola cha eni! Anandiletsa kukuuzani, ati munthu wa pa ntchito sasokonezedwa."

Manyazi anandigwira. Malipiro anga ankathera pa sopo, mchere, palafini ndi mayunifomu a ana a pakhomopo, ndipo ngakhale akanakwana, aNambewe sanali munthu wodya ufa wa m'sitolo munda wake uli chiimire pamaso pake. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Chimanga chonse chija, chakudya cha chaka chathunthu cha ana onse aja, chinali pachala.

Mawa lake ndinalowa mu ofesi chipewa chili m'manja.

"Bwana, chimanga chija chikutha. Tiloleni tikolole, tisiye mizere ingapo ya makina."

"A Sakala, ndikumva," anatero a Mwanza. "Amayi anga nawonso ndi mlimi. Koma hedi ofesi ikufuna munda wonse, alendo aone ngolo ikudzaza, ikuchoka, ikubwera ina. Mizere ingapoyo makina amaliza anthu asanakhale pansi."

"Nanga sho ili liti?"

"Ogasiti."

"Koyambirira kapena kothera?"

Anatambasula manja. "Ndikanafuna kukunamizani ndikanati koyambirira."

"Moto ukalowa, kampani idzawadyetsa ana aja?"

"Zimenezo simunandimve ndikunena." Anadzisisita pachipumi nthawi yaitali. "Tamverani, a Sakala. Munda si wanga, sindingaikepo apolisi. Koma mukathyola ndilemba ripoti, chifukwa ndikapanda kulemba, wolembedwa ndine. Ndipo ripotiyo ikapita, za kosi muiwale. Pirirani pang'ono, bambo. Mwatsala pang'ono kulowa m'nyumba ya malata."

Ndinabwerera ndikukankha njinga, mphamvu yopalasa inalibe. Musandiyese ngwazi. Nyumba ija ndinkaifuna, ndinkaifuna ndi mtima wonse, ndipo ndinkaifunira inu. Ndinkadziwa kuti mwina moto sudzabwera, mwina chiswe chidzasiyako chokwanira, mwina sho idzachitikadi msanga. Koma mwina ndi mawu a munthu amene nkhokwe yake ili ndi kanthu. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndinali nditavumbwa mokwanira pakati pa depoti ndi mudzi. Ndikati ndiganize za malata, ndinkangoona msana uja utawerama ndi luzi m'manja. Nditafika ndinapeza amayi anu akutsuka mbale, n'kuwauza kuti, "Amake Tereza, tikathyola chimanga, mpopi wanu uja wapita." Sanadzutse n'komwe mutu. Anangoti, "Chitsime sichinasamuke."

Lachisanu ndinauza a Mwanza pamaso kuti mawa tikukolola. Sanakalipe. Anayang'ana pawindo n'kuti, "Mapesi okha musatenthe. Muwasiye chigonere, khasu lija lidzapeze pogwira." Madzulo ake ndinatuma amayi anu kukauza apongozi kuti lonjezo lamasulidwa. Yankho linabwera lakuti, "Uwafunse ngati anena okha kapena anena ndi makina." Ndinati ndanena ndekha. Loweruka kunabwera amayi a pamudzi ndi a ku tchalitchi, ndi madengu, ndi ngolo za ng'ombe, ndipo eni ng'ombe aja amene ankang'ung'udza ndiwo anali oyamba kumanga goli. Tinasiya mizere yowerengeka m'mbali mwa mpanda wa sho, kwinako tinathyola. Nkhokwe yatsopano ija sinadzaze mpaka pamwamba, popeza ng'ombe ndi chiswe zinali zitalandira kale gawo lawo, koma inalemera mokwanira kufikitsa ana ku masika ena.

Ogasiti wa chaka chomwecho

Makina anafika sho itatsala masiku ochepa, ali ndi fumbi la msewu wonse wa ku Lusaka, ndipo tinawalumikiza ndi amakaniko zala zikuchucha magazi. Ndinene zoona, anali makina abwino. Tsiku la sho kunali bandi, fumbi, mbendera zatsopano ndi ng'ombe zamphongo zovekedwa maliboni. Mlendo wolemekezeka anafika kumunda dzuwa lili pamutu, bwana wamkulu wa ku hedi ofesi ali pambali pake, a Mwanza ali kumbuyo tayi itanyowa ndi thukuta. Atandikodola ndinaliza thirakitala. Makina anameza mapesi, chimanga choyera chikugwera m'ngolo, ndipo mizere ija inatha mlendoyo akupukuta magalasi ake ndi mpango. Atawavala anafunsa kuti, "Ayamba?" Wina anayankha kuti, "Amaliza, bwana." Anthu anafa nacho chiseko. Bwana wa ku hedi ofesi sanaseke, anangoyang'ana munda wothyoledwa uja, kenaka a Mwanza, kenaka ine.

Ndinamasula makinawo n'kumanga khasu la tinjira, ndipo ndinang'amba mizere pa mapesi ogona aja yowongoka moti Kaliwo akanachotsa kaliwo pakamwa. Alimi anayenda m'mizeremo, anatokosa dothi ndi zala za kumapazi, n'kunena kuti mundawo ukadali wauve. Kenaka anapita kukaona ng'ombe. Palibe anagula khasu, palibe anagula makina, ndipo zonse ziwiri ndinadzazionanso patapita zaka zili kuseri kwa depoti, nkhuku zikuikira mazira m'kati. Masiku ano ndikumva anyamata a njinga zamoto akuyenda m'midzi kulalikira kuti tisagalauze minda, tisatenthe mapesi, ngati ndi uthenga wotsika dzulo kumwamba. Ndimangowayang'ana, ndilibe mphamvu yowauza kuti ndinalalikirapo.

Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti moto sunabwere chaka chimenecho. Mizere imene tinasiya inaima bwinobwino mpaka tsiku la sho. Tikupinda zingwe madzulo, a Mwanza anaima pafupi nane n'kunena kuti, "Mwaona, a Sakala, sichinapse." Sankandinyoza, mawu awo anali otopa ngati anga. Ndinapitiriza kupinda chingwe changa. Ripoti inapita. Ku kosi kunapita mnzanga wina amene mizere yake inkakhota ngati njira ya woledzera, ndipo mpopi anakautsegula ndi mkazi wake. Ine anandiuza kuti ndipite ku Chipangali kukayang'anira mathirakitala awiri obwereketsa, kwa kanthawi kochepa. Kanthawi kameneko kanandimeretsa imvi. A Mwanza nawonso sanakhalitse pa mpando uja, ndinamva kuti anabwerera kukaphunzitsa ngati bambo awo.

Mvula isanagwe, chaka chomwecho

Lole yotisamutsa inabwera m'mawa. Katundu wathu anali bedi, mphasa, njinga ndi mapoto, ndipo pamwamba pake ana a pakhomo anakwezapo matumba a chimanga cha m'nkhokwe ija, osandifunsa. Zonse zitamangidwa ndinapita kukatsanzika monga mwa mwambo. Ndinanjuta chapatali ndi khomo la apongozi, maso pansi, amayi anu ali pakati kuti anyamule mawu. Ndinanena kuti tikupita, atikhululukire pamene tinalakwa. Ndinadikira yankho kuchokera kumene linkachokera nthawi zonse. Kenaka ndinaona mapazi ong'aluka ndi chisanu akubwera, mpaka anaima patsogolo pa mawondo anga.

"Landirani, bambo," anatero mawu aja ndinkawadziwa, koma ulendo uno akulankhula ndi ine. "N'la chimanga chija."

Chinali chipanda cha thobwa. Ndinacheukira amayi anu kuti alandire ndiwo, koma anali atagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Ndinalandira ndekha, ndipo polandirapo ndinadzutsa maso. Anali mayi wa nkhope yaing'ono, wosakalamba ngati mmene ndinkaganizira, wa mphini m'masaya, ndipo ankamwetulira. Pakati pa mano awo akutsogolo panali mpata. Zaka zonsezo ndinkadabwa kuti mwana wanga woyamba, Tereza, mpata wa mano anautenga kuti, popeza kwathu kulibe ndipo amayi ake alibe. Pamudzi ponse wosadziwa ndinali ndekha. Ndinamwa thobwalo mpaka pansi. Analandira chipanda, anabwerera pakhomo pawo n'kukhala chofulatira, ndipo mpaka tsiku limene tinawaika m'manda sitinayang'ananenso maso ndi maso.

Ndiye nkhani ya nyumba ya ku Kapata ndi imeneyo. Mukafuna kundiimba mlandu wa sukulu zakutali zija, wa madzi a m'dambo ndi wa malungo a ku Chipangali, imbani, ndilibe pokanira, ndipo masiku ena ndikatopa ndimadziimba ndekha. Koma iwe Tereza, ukabwera kudzandiona Lamulungu likubwerali, usamabise pakamwa poseka.